Bawuti ya Ekizozi: Kachitsulo Kamene Kamaimitsa Injini ku Petauke ndi ku Nyimba

M'maboma a Petauke ndi Nyimba, kum'mawa kwa dziko la Zambia, ntchito zambiri zimene kale zinkadalira manja a anthu kapena mphamvu ya ng'ombe tsopano zikudalira mainjini ang'onoang'ono a silinda imodzi, monga a njinga zamoto zonyamula anthu ndi katundu, a zigayo, a mapampu othirira mbewu m'madimba ndiponso a majenereta, amene anachuluka kwambiri m'chaka cha 2024 pamene chilala chinaphwetsa madzi m'nyanja ya Kariba n'kuchititsa kuti magetsi azizima nthawi yaitali. Maboma awiriwa ali m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East Road, Nyimba pa mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Lusaka ndipo Petauke pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400, kotero kuti chipangizo chilichonse chimene sichikupezeka m'masitolo a pa boma chimafuna ulendo wautali kapena kudikira masiku angapo. Pakati pa zipangizo zimene zimasowetsa mtendere eni mainjini pali mabawuti omangira ekizozi, amene mtengo wake ndi wochepa kwambiri, koma akasowa kapena akalowetsedwa olakwika amatha kuwononga mutu wa injini, umene ndi chimodzi mwa zipangizo zodula kwambiri pa makina onse.

Ntchito ya ekizozi ndi mavuto a mabawuti ake

Ekizozi ndi mpope umene umalandira utsi wotentha wochokera mu silinda n'kuutulutsira kutali, ndipo mbali yake yonenepa, imene amakaniko amaitcha sailensa, imakhala ndi timipanda ndi timabowo m'kati mwake timene timachepetsa liwiro la utsiwo kuti phokoso lichepe. Mpopewu umamangiriridwa ku mutu wa injini ndi mabawuti awiri, kapena ndi tizitsulo tiwiri ta mazinga mbali zonse timene timakhazikika m'mutumo n'kumangidwa ndi manati, ndipo pakati pake pamakhala gasiketi, kutanthauza kachidutswa kopyapyala kosapsa ndi moto kamene kamatseka mpata kuti utsi usatuluke pambali. Mazinga ndi timizere tozungulira tija timene timalowana pakati pa bawuti ndi bowo lake, ndipo kugwira konse kwa bawuti kumadalira timizere timeneti.

Bawuti ikamangidwa bwino imatamuka pang'ono kwambiri, mwa mlingo wosaoneka ndi maso, ndipo poyesetsa kubwerera m'malo mwake imakoka zitsulo ziwirizo pamodzi, monga mmene mphira ya legeni imakokera ikatambasulidwa. Pa ekizozi pali zinthu ziwiri zimene zimalimbana ndi kukokaku tsiku lililonse. Choyamba ndi kugwedezeka, pakuti jenereta yaing'ono yotulutsa magetsi a mtundu umene umagwiritsidwa ntchito m'Zambia imazungulira maulendo 3,000 pa mphindi imodzi, ndipo mafuta amaphulika m'silinda mwake maulendo 25 pa sekondi iliyonse. Katswiri wa ku Germany, Gerhard Junker, anasonyeza m'chaka cha 1969 kuti kugwedezeka kopita cham'mbali ndiko kumamasula mabawuti msanga, popeza zitsulo zomangidwazo zikangoterereka pang'ono, mazinga amataya kugwirana kwawo ndipo bawuti imayamba kubwerera yokha. Chachiwiri ndi kutentha, chifukwa mutu wa injini zambiri zazing'ono ndi wa aluminiyamu, chitsulo chopepuka chimene chimafufuma ndi moto pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha bawuti, moti injini ikatentha ndi kuzizira mobwerezabwereza gasiketi imaphwatalala ndipo bawuti imatsala yopanda chokoka.

Zotsatira zake zimaoneka msanga kwa munthu wodziwa kuyang'ana: pa mlomo wa ekizozi pamadetsedwa ndi mwaye wakuda, injini imayamba kulira mothetheka makamaka ikadali yozizira, ndipo sailensa imagwedera ikakhudzidwa. Phokoso lopitirira madesibelo 85, womwe ndi muyeso wa kukula kwa phokoso, limawononga makutu a munthu amene amakhala nalo maola asanu ndi atatu pa tsiku, ndipo wogwira ntchito m'chigayo amakhala pafupi ndi injini tsiku lonse. Utsi wotulukira pa malo olakwika umakhalanso ndi mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu koma umapha munthu m'chipinda chosapita mphepo.

Zimene mainjini a ndege zoseweretsa amaphunzitsa

Vuto la kumasuka kwa mabawuti limaoneka bwino koposa pa mainjini aang'ono kwambiri, a ndege zoseweretsa zimene anthu a ku Ulaya, ku America, ku Japan ndi ku South Africa amaziulutsa poziwongolera ndi wailesi ali pansi. Mainjini amenewa, amene ambiri amakwana m'dzanja limodzi, anafala pambuyo pa chaka cha 1947 pamene Ray Arden wa ku America anatulutsa pulagi ya kawaya konyeka kamene kamayatsa mafuta popanda magetsi injini ikangoyamba kulira, ndipo mafuta ake ndi methanol wosakaniza ndi mafuta ofewetsa zitsulo, amene kale ankakhala makamaka mafuta a nsatsi. Kampani ya O.S. Engines, imene Shigeo Ogawa anaiyambitsa ku Osaka m'chaka cha 1936, ndi kampani ya Cox ya ku California, ndi ena mwa makampani amene anapanga mainjini otere ochuluka zedi.

Injini yotereyi imazungulira maulendo opitirira 10,000 pa mphindi imodzi, ndipo sailensa yake imagwidwa ndi timabawuti tiwiri tokha, timene tikamasuka ndege ili m'mwamba timagwera m'tchire osapezekanso. Pa mainjini ambiri a mtunduwu kapaipi kakang'ono kochokera ku sailensa kamapopera mpweya m'thanki kuti mafuta azikankhidwira ku injini, choncho sailensa ikamasuka mafuta amachepa, injini imatentha mopitirira muyeso ndipo ingathe kuzima ndege isanatere. Mwini ndege akapita kukafuna kabawuti kena amakumana ndi msampha wakuti mainjini a ku Japan amagwiritsa ntchito miyeso ya mamilimita, kawirikawiri kabawuti kotchedwa M3, konenepa mamilimita 3 ndipo mazinga ake otalikirana theka la milimita, pamene mainjini ambiri a ku America amagwiritsa ntchito miyeso ya mainchi, monga kabawuti kotchedwa 4-40, konenepa mamilimita 2.84 ndipo mazinga ake otalikirana mamilimita 0.635. Ndi maso okha timabawuti tiwiriti sitisiyana, ndipo ka 4-40 kamayamba kulowa m'bowo la M3 ngati kuti kakwana, koma kakazungulira kawiri kapena katatu kamalimba, ndipo amene angakakamize ndi sipanala amawononga mazinga a aluminiyamu mpaka bowo kusalala. Msampha womwewu, pa mabawuti okulirapo, ndi umene umadikira makaniko wa njinga zamoto pa msika wa Nyimba ndi mwini chigayo wa m'dera la mfumu Kalindawalo.

Chiyambi cha kusiyana kwa mazinga

Kale fakitale iliyonse inkasema mazinga mwa njira yakeyake, moti nati ya makina amodzi sinkalowa pa bawuti ya makina ena, mpaka m'chaka cha 1841 pamene Joseph Whitworth wa ku England anakhazikitsa muyeso umodzi umene timizere take timapendekeka pa ngodya ya madigiri 55. M'chaka cha 1864 William Sellers wa ku Philadelphia anatulutsa muyeso wina wa madigiri 60, umene unakhala wa dziko la America, ndipo kusiyana kwa miyeso iwiriyi kunavutitsa kwambiri asilikali a Britain ndi America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene zipangizo za magalimoto ndi ndege za mbali imodzi zinkakana kulowa pa makina a mbali inzake. Pofuna kuthetsa vutoli, maiko a America, Britain ndi Canada anagwirizana nkhondoyo itatha za muyeso umodzi wa mainchi, umene mabawuti ake amadziwika ndi zilembo za UNC ngati mazinga ali otalikirana ndi UNF ngati ali othithikana. Pa nthawi yomweyo bungwe la ISO, loona za miyeso pa dziko lonse, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1947, linayamba kukonza muyeso wa mamilimita umene masiku ano ndiwo wafala koposa, ndipo mabawuti ake amadziwika ndi chilembo cha M.

Mbiri imeneyi imakhudza mwachindunji makina amene ali m'midzi ya kum'mawa kwa Zambia, chifukwa makinawo anabwera m'nyengo zosiyana kuchokera ku maiko osiyana. Mainjini akale a dizilo a Lister ochokera ku Britain ali ndi mazinga a Whitworth, mathirakitala akale a Massey Ferguson ndi mainjini ambiri a petulo a Briggs & Stratton ali ndi mazinga a mainchi, pamene njinga zamoto za Honda, Yamaha, Bajaj ndi TVS, pamodzi ndi mainjini a Honda GX160 ndi ena ofanana nawo opangidwa ku China amene amayendetsa mapampu ndi majenereta ambiri, ali ndi mazinga a mamilimita. Mabawuti ochotsedwa pa makina onsewa amathera m'chitini chimodzi pa galaja kapena pa mphasa ya wogulitsa zitsulo zakale, atasakanikirana ndiponso atachita dzimbiri, ndipo m'chitinimo ndimo munthu wofulumira amapisa dzanja ekizozi ikayamba kugwedera.

Miyeso inayi yofunika kuidziwa

Bawuti iliyonse imadziwika ndi zinthu zinayi, zomwe ndi kunenepa kwake, kutalikirana kwa mazinga ake, kutalika kwake ndi kulimba kwa chitsulo chake, ndipo yolowa m'malo mwa inzake iyenera kufanana nayo pa zonsezi. Kunenepa kumayezedwa pa mazinga penipeni, osati pa mutu, ngakhale kuti chizolowezi cha m'magalaja n'kutchula bawuti potengera sipanala imene imaimasula. Bawuti imene amakaniko amaitcha nambala 10 kawirikawiri imakhala M6, koma pa M8 chizolowezichi chimasokoneza, chifukwa makina a ku Japan amaipatsa mutu wa sipanala 12 pamene a ku Ulaya amaipatsa mutu wa sipanala 13, ngakhale kuti mazinga ake ndi amodzimodzi. Pa ekizozi ya njinga zamoto zazing'ono ndi ya mainjini a mapampu, miyeso imene imapezeka kwambiri ndi M6 ndi M8.

Kutalikirana kwa mazinga ndiko kumanyenga anthu ambiri. Bawuti wamba ya M6 ili ndi mazinga otalikirana milimita imodzi, pamene inzake ya mainchi yoyandikana nayo, yonenepa mamilimita 6.35, ili ndi mazinga 20 pa inchi iliyonse, kutanthauza mamilimita 1.27 pakati pa mzere ndi mzere. Bawuti wamba ya M8 ili ndi mazinga otalikirana mamilimita 1.25, pamene inzake ya mainchi yonenepa mamilimita 7.94 ili ndi mazinga otalikirana mamilimita 1.41, ndipo palinso M8 ya mazinga othithikana a milimita imodzi. Munthu wopanda chipangizo chapadera choyezera angathe kugwiritsa ntchito rula ya mwana wa sukulu, poigoneka pa bawuti n'kuwerenga mipata khumi ya mazinga: ngati mipatayo yakwana mamilimita 10 pa bawuti yaing'onoyo, ndiye kuti ndi M6, koma ngati yayandikira mamilimita 13 ndi ya mainchi. Njira ina ndiyo kugundanitsa bawuti yakale ndi yatsopano cham'mbali kuti mazinga alowane, n'kuzikweza moyang'ana kuwala, pakuti zikafanana sipaoneka mpata uliwonse, koma zikasiyana timizere timayamba kukwerana pofika chapakati. Muyeso womaliza ndi wa zala: bawuti yoyenera imalowa m'bowo loyera pozunguliridwa ndi zala zokha kwa maulendo angapo, ndipo iliyonse imene ikufuna sipanala kuyambira pachiyambi iyenera kuchotsedwa nthawi yomweyo.

Kutalika nako n'kofunika chifukwa mabowo a m'mutu wa injini amakhala otseka kumapeto. Bawuti yaitali imagunda pansi pa bowo isanapanikize ekizozi, ndipo womangayo amaganiza kuti yalimba pamene gasiketi ikadali yomasuka, pomwe yaifupi imagwira mazinga atatu kapena anayi okha, amene amazuka ikangomangidwa. Lamulo limene akatswiri amatsata pa aluminiyamu n'lakuti bawuti ilowe m'bowo pa utali wokwana pafupifupi kawiri kunenepa kwake, kutanthauza mamilimita 12 pa M6, ndipo kuya kwa bowo kungayezedwe polowetsamo kawaya koongoka.

Kulimba kwa chitsulo kumalembedwa pamwamba pa mutu wa bawuti ndi manambala monga 4.6, 8.8, 10.9 ndi 12.9. Nambala yoyamba ikachulukitsidwa ndi 100 imasonyeza mphamvu imene chitsulocho chingapirire chisanaduke, kotero kuti 8.8 ndi yolimba kawiri kuposa 4.6, ndipo nambala yachiwiri imasonyeza gawo la mphamvuyo limene bawuti ingafike isanatamuke mosabwereranso. Mabawuti opanda chilembo chilichonse, onga amene amamangira zitseko ndi mabedi, ndi ofewa ndipo pa ekizozi amatamuka n'kumasuka m'masiku ochepa, choncho 8.8 ndiyo iyenera kukhala poyambira. Mabawuti a chitsulo chosachita dzimbiri, olembedwa A2-70, amaoneka okongola, koma amakonda kukakamira m'mazinga akamangidwa owuma, motero amafuna kupakidwa mafuta osapsa ndi moto asanalowetsedwe.

Kumanga bwino ndi kuchotsa yothyokera m'kati

Bawuti yoyenera ikapezeka, mabowo ndi malo okhala gasiketi ayenera kuyeretsedwa, gasiketi yatsopano iikidwe, ndipo mabawuti awiriwo amangidwe mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, kuti mlomo wa ekizozi ukhale mofanana mbali zonse. Mphamvu yomangira M6 ndi yochepa, pafupifupi 10 pa muyeso wa Nm umene umalembedwa pa sipanala zoyezera mphamvu, ndipo pa M8 ndi pafupifupi 25, kotero kuti kulumikiza paipi ku sipanala pofuna kuwonjezera mphamvu ndi njira yachidule yothyolera bawuti. Injini ikagwira ntchito koyamba n'kuzizira, mabawuti ayenera kumangidwanso, chifukwa pa nthawi imeneyi ndi pamene gasiketi yatsopano imakhala itaphwatalala. Manati okhala ndi kamkombero ka pulasitiki m'kati, amene amathandiza pa malo ozizira, sagwira ntchito pa ekizozi popeza pulasitikiyo imafewa kutentha kukapitirira madigiri pafupifupi 120, ndipo guluu wamba womatira mazinga nayenso amafooka pa moto wotere, choncho manati a chitsulo chokhachokha opanikiza okha kapena a mkuwa ndiwo oyenera. N'kofunikanso kuonetsetsa kuti chogwiriziza cha kumbuyo kwa sailensa n'chomangika, pakuti chikathyoka kulemera konse kwa ekizozi kumatsamira pa timabawuti tiwiri ta kumutu, makamaka pa misewu ya fumbi ya mabampu yochokera m'midzi kupita ku msewu waukulu.

Bawuti ikathyokera m'kati, mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito kwenikweni. Ngati katsinde katsala kunja, wowotcherera waluso amaika nati pamwamba pake n'kuwotcherera m'kati mwa natiyo, ndipo kutentha kwa motowo kumaswa dzimbiri moti katsindeko kamatuluka ndi sipanala, koma batire ndi mawaya a njinga yamoto ziyenera kuchotsedwa kaye, ndipo thanki ya petulo ikhale kutali. Ngati yathyokera pansi, pamafunika kukhoma kachizindikiro pakatikati penipeni n'kubowola ndi kabowolero kakang'ono kenaka kokulirapo, mosamala kuti kasapatukire ku aluminiyamu imene ndi yofewa kuposa bawutiyo. Mazinga akatha, bowo lingakulitsidwe n'kusemedwanso ndi tapu, chomwe ndi chitsulo cholimba chosemera mazinga m'bowo, ndipo mazinga a M6 amafuna bowo la mamilimita 5 pamene a M8 amafuna la mamilimita 6.8. Pamene chitsulo chozungulira bowo n'chochepa moti silingakulitsidwe kwambiri, njira yabwino ndiyo kulowetsamo kawaya kopotedwa kotchedwa Helicoil, kamene kamabwezeretsa mazinga a muyeso woyamba ndipo kamakhala kolimba kuposa aluminiyamu. Kumanga ekizozi ndi waya kapena kuiwotcherera pamodzi ndi manati ake kumathandiza kuti munthu afike kunyumba, koma kukasiyidwa kwa miyezi kumakulitsa bowo ndi kusandutsa ntchito ya mphindi zochepa kukhala yogula mutu wina wa injini.

Udindo wa ogulitsa ndi ophunzitsa

Zipangizo zambiri za mainjini amenewa zimafika ku Petauke ndi ku Nyimba kudzera kwa amalonda amene amakapikula ku Lusaka kapena ku Chipata, ndipo wopikula amasankha zimene makasitomala ake amazitchula ndi dzina. Pamene ogula amangopempha bawuti yofanana ndi imene ali nayo m'manja, wogulitsa amapereka iliyonse yooneka ngati yomweyo, koma pamene ayamba kupempha M6 ya mamilimita 25 ya 8.8, sitolo imaphunzira kusunga mabawuti m'timabokosi tolembedwa miyeso, ndipo uthenga wa pa foni wopita kwa wachibale wa ku Lusaka umabweretsa chinthu cholondola pa basi yoyamba. Mwini injini amachita bwino kulemba miyeso ya mabawuti a ekizozi injiniyo ikadali yatsopano, kusunga awiri apadera pamodzi ndi gasiketi, ndiponso kunyamula bawuti yotsalayo popita ku sitolo m'malo modalira kukumbukira.

Sukulu zophunzitsa ntchito zamanja monga Chipata Trades Training Institute ndi Ukwimi Trades Training Institute, zimene zimayang'aniridwa ndi bungwe la TEVETA, zili ndi mwayi wofalitsa luso limeneli, komabe achinyamata ambiri amaphunzira umakaniko pa galaja, poyang'ana manja a amene anawatsogolera. N'chifukwa chake amakaniko akuluakulu ali ndi udindo wophunzitsa ophunzira awo kuwerenga mutu wa bawuti, kuyeza mazinga ndi rula ndi kuyamba kumanga ndi zala asanagwire sipanala. Maphunziro amenewa satenga tsiku lathunthu ndipo safuna chipangizo chodula, koma amateteza chuma chimene banja linasonkhanitsa pogulitsa mtedza, thonje, chimanga kapena nthochi kwa nyengo zingapo, ndipo amachititsa kuti pampu isaime m'mwezi wa Okutobala pamene mbewu za m'dimba zikufuna madzi tsiku lililonse.